Kusamutsa sisitimu kuchoka pa CodeIgniter 3 kupita pa CodeIgniter 4 popanda kusokoneza ndalama za alimi

Si zachilendo kuno kuchigwa cha Shire kupeza kopaletivi ya alimi, sukulu yapulaiveti kapena gulu lobwereketsa ndalama akugwiritsa ntchito sisitimu imene wina anailemba zaka zapitazo ndi chiyankhulo cha mapulogalamu cha PHP pa CodeIgniter 3, imene ndi framework, kutanthauza maziko okonzeratu omangirapo sisitimu. Imagwira bwinobwino mpaka tsiku limene a hosting, kampani yosunga sisitimuyo pa intaneti, akweza PHP pa seva yawo. M'mawa mwake kalaliki wa ku Ngabu akatsegula tsamba lolembapo makilogalamu a thonje amapeza pamwamba padzaza mizere yonena kuti `Creation of dynamic property is deprecated`, ndipo nthawi zina ngakhale kulowa mu sisitimu kumakanika. Malangizo awa ndi a inu amene mwaimbiridwa foni kuti mudzakonze.

Dziwani kaye kuti CodeIgniter 4 anailemba mwatsopano kuyambira pansi. Simungatenge foda ya `system` yatsopano n'kuiponya pomwe panali yakale ngati mmene tinkachitira pochoka pa 3.1.10 kupita pa 3.1.11. Framework imeneyi inayamba mu 2006 ku kampani ya EllisLab, mu 2014 inaperekedwa m'manja mwa British Columbia Institute of Technology ku Canada, ndipo 3.0 inatuluka mu 2015. CodeIgniter 4 inatuluka pa 24 Febuluwale 2020, tsiku lobadwa la Jim Parry amene ankatsogolera ntchitoyi koma anamwalira kutangotsala mwezi. Mtundu wa 3.1.13 unatuluka mu Malichi 2022, pomwe PHP 8.2 inabwera mu Disembala chaka chomwecho n'kuyamba kudandaula za njira imene CodeIgniter 3 imamatira ma library ndi ma model (code yolankhula ndi database) pa controller (code yolandira zimene munthu wadina n'kutulutsa tsamba). Gwero la mizere ija ndi limeneli.

1. Zimitsani moto kaye, kenako sankhani

Musayambe kusamuka lero pomwe alimi ali pamzere panja. Tsegulani `index.php` ya sisitimu yakale muone mzere wa `ENVIRONMENT`. Kawirikawiri amene anailemba anasiya pa `development`, n'chifukwa chake madandaulo onse a PHP akuonekera kwa kalaliki. Sinthani ikhale `production`, mizere ija ibisika. Ngati cPanel ya hosting yanu ikulola kusankha mtundu wa PHP, mutha kubwerera pa umene unkagwira bwino. Koma uku n'kugula nthawi chabe. PHP 7.4 inasiya kulandira zigamba za chitetezo pa 28 Novembala 2022, 8.0 inatsatira mu Novembala 2023, ndipo chimene 8.2 ikungodandaula nacho anakonza zoti mu PHP 9 chidzakhale cholakwika choimitsiratu tsamba.

Mukapuma, njira zilipo zitatu.

Mutha kukhala pa 3. Ngati sisitimu ili pa kompyuta imodzi mu ofesi, sili pa intaneti, ndipo pulojekiti yake ikutha chaka chamawa, musavutike. Ndalama zosamukirazo agulire batire ndi sola.

Mutha kupita pa 4. Ngati sisitimu ili pa intaneti, ikusunga mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu, ndipo ikhalapobe zaka zambiri, njira ndi imeneyi. Kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo la Data Protection Act, ndiye kusunga zinsinsi za anthu pa PHP imene palibe akuitseka mabowo si nkhani yoti komiti ingoinyalanyaza.

Kapena mutha kupita pa Laravel, framework ina ya PHP imene anyamata ambiri otuluka m'makoleji masiku ano amaikonda. Ndi yabwino, palibe wotsutsa. Koma ine ndimati funsani funso limodzi: inu mukapeza ntchito ku Lilongwe, atsale ndi sisitimuyi ndani? Ngati wotsalayo amadziwa CodeIgniter 3, aiwerenga 4 patapita sabata zochepa, chifukwa kaganizidwe ka controller, model ndi view n'komweko ndipo Query Builder yasintha mayina okha. CodeIgniter 4 ndi yopepukanso pa hosting yotchipa imene makopaletivi ambiri amakwanitsa. Malangizo otsatirawa ndi a amene asankha 4.

2. Werengani zimene muli nazo

Tengani pepala, lembani controller iliyonse ya mu `application/controllers` ndi masamba amene imatulutsa. Kenako khalani pansi ndi kalaliki ndi msungichuma akuonetseni zimene amadina tsiku ndi tsiku. Mupeza masamba ena amene palibe anawatsegulapo chiyambire. Amenewo musawasamutse.

Onaninso `application/libraries` ndi `third_party`. Ma library ena amene ankabwera ndi CodeIgniter 3 anawachotsa mu 4: Calendar, FTP, Cart, Trackback, XML-RPC ndi Zip. Ngati sisitimu imamanga ma zip a malipoti ndi library ya Zip, mudzagwiritsa ntchito `ZipArchive` ya PHP yeniyeniyo. Chosindikizira malisiti a PDF, chotumizira ma SMS kwa alimi, ndi chilichonse cholumikizana ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba muzilembe padera ndi inki yofiira. Nthawi yambiri idzathera pamenepo, osati pa masamba wamba.

3. Sankhani nyengo

Musasamutse sisitimu ya thonje pa nyengo yogula thonje, kapena ya sukulu sabata yotsegulira teremu. Musaikenso tsiku losinthira pakati pa Januwale ndi Malichi. Tonse tikukumbukira kuti namondwe Ana mu Januwale 2022 anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu ndi milatho. Sisitimu yatsopano ikagwa inu muli ku Blantyre, msewu wa Thabwa wadukanso, amene ali ku Bangula alibe mtengo wogwira. Kwa a thonje nthawi yabwino ndi msika ukatsekedwa, mvula isanayambe. Kumakhala kotentha zedi, ndiye laputopu muziikweza pa kanthu mpweya uzidutsa pansi, osaiika pa matiresi.

4. Backup ndi Git

Tulutsani database yonse ndi `mysqldump` kapena Export ya phpMyAdmin, koperaninso foda yonse ya sisitimu pamodzi ndi zithunzi ndi mafayilo amene anthu anakweza. Backup imene simunayesepo kuibwezeretsa musaidalire: ilowetseni mu database ina pa laputopu yanu muone ngati matebulo onse abwera. Kope limodzi lisakhale mu ofesi momwemo. Madzi akalowa mu ofesi amatenga kompyuta ndi fulashi ya mu kabati nthawi imodzi.

Kenako yambitsani Git, chida chosunga mbiri ya zimene mwasintha mu code, polemba `git init`, ndipo muzichita commit pafupipafupi, tsamba lililonse likatha. Magetsi akazima pakati pa ntchito mudziwa pomwe munalekezera.

5. Imikani CodeIgniter 4 pambali

Kuyambira 4.5 pamafunika PHP yosachepera 8.1, ndipo mitundu yatsopano imakweza malirewo, choncho ikani PHP yatsopano imene hosting yanu ili nayo. Pafunikanso ma extension a `intl` ndi `mbstring`. Pa XAMPP, `intl` imakonda kubwera yozimitsa: tsegulani `php.ini`, chotsani kachizindikiro ka `;` kutsogolo kwa `extension=intl`, muyambitsenso Apache. Funsani a hosting ngati `intl` ilipo pa seva yawo musanalembe mzere ndi umodzi womwe.

Mu foda ina, osati ya sisitimu yakale, lembani lamulo ili la Composer, chida chotsitsira ma library a PHP:

`composer create-project codeigniter4/appstarter alimi4`

Chitani zimenezi pomwe netiweki ili bwino, kaya pa Nchalo kapena pa boma. Zikatsika, foda ya `vendor` mutha kuyenda nayo pa fulashi osaononganso bandulo.

Muona kuti mafoda asintha. `application` tsopano ndi `app`. `index.php` yasamukira mu `public`. Ma log, cache ndi ma session amalembedwa mu `writable`. Pali fayilo yotchedwa `env`: ikopereni ikhale `.env`, muikemo `CI_ENVIRONMENT = development`, `app.baseURL` yothera ndi `/`, ndi dzina, mwini ndi pasiwedi ya database yoyeserera ija. Mukalemba `php spark serve`, tsamba lituluka pa `localhost:8080`.

Musanapitirire, tsegulani `app/Config/App.php` musinthe `appTimezone` kuchoka pa `UTC` ikhale `Africa/Blantyre`. Mukaiwala, lisiti lolembedwa 8:15 m'mawa lidzaonetsa 6:15, ndipo ndalama yolowa pa foni 1 koloko usiku wa pa 1 idzawerengedwa m'mwezi wathawo. Msungichuma adzafufuza kusiyanako masiku angapo osakupeza.

6. Database musaikhudze

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Poona mayina oipa a matebulo, mtima umafuna kukonza zonse nthawi imodzi. Ugwireni. Mukasintha framework ndi matebulo pamodzi, ziwerengero zikasiyana simudzadziwa cholakwa chili mbali iti. Sisitimu yatsopano iwerenge matebulo omwewo mmene alili, kukonza kudzabwera miyezi ya kutsogolo.

Model iliyonse isamukire mu `app/Models`, iyambe ndi `namespace App\Models;`, ndipo `extends CI_Model` isanduke `extends Model` mutaika `use CodeIgniter\Model;` pamwamba. Mayina a Query Builder asintha kalembedwe: `get_where` ndi `getWhere`, `order_by` ndi `orderBy`, `result()` ndi `getResult()`, `result_array()` ndi `getResultArray()`, `row()` ndi `getRow()`, `insert_id()` ndi `insertID()`. Pomwe munkalemba `$this->db->get('alimi')` tsopano muzilemba `$this->db->table('alimi')->get()`.

Model ya CodeIgniter 4 imabwera ndi `find()`, `insert()`, `update()` ndi `save()` zokonzeratu, ndipo ili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi `$allowedFields`. Column imene simunailembe pa mndandanda umenewu imatayidwa mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse. Tiyerekeze tebulo la `zogula` lili ndi `mlimi_id`, `makilogalamu`, `mtengo` ndi `ngongole_yodulidwa`, inu n'kuiwala yomalizayo. Fomu inena kuti zasungidwa, lisiti lituluka, koma ngongole ya mbewu ndi mankhwala imene mlimi wadulidwa sinalembedwe, ndipo ulendo wotsatira adzadulidwanso. Tsegulani tebulo mu phpMyAdmin mbali imodzi, model mbali inayo, mufananize column ndi column.

Msampha wachiwiri ndi wocheperapo. Model imabweza ma array, pomwe ma view akale ambiri analembedwa `$mlimi->dzina`. Ikani `protected $returnType = 'object';` ndipo ma view anu sadzafuna kulembedwanso.

Mukakumana ndi SQL yolumikiza mawu a pa fomu mwachindunji, monga `"WHERE mudzi = '" . $mudzi . "'"`, imeneyo yokha ikonzeni pompo ndi Query Builder kapena ma binding. Kuiyesa n'kosavuta kwathu kuno: fufuzani mudzi wa Chang'ambika. Kachizindikiro ka pakati pa `ng` ndi `a` kakagwetsa tsamba, dziwani kuti wakuba naye atha kulowera pomwepo. Yesaninso dzina lokhala ndi ŵ, kuti muone ngati charset ya mu `.env` ikugwirizana ndi ya matebulo akale.

7. Ma route, ma controller ndi ma view, gawo limodzi pa nthawi

Yambani ndi gawo longowerenga, monga malipoti. Likalakwika palibe chimene chaonongeka. Kenako kaundula wa alimi. Za ndalama zikhale zomaliza, mutazolowera.

CodeIgniter 3 inkalola kuti `/alimi/onetsa/5` ipeze yokha controller ndi method yake. Kuyambira 4.2 zimenezi zimabwera zozimitsa, ndipo ndikulangizani kuti muzisiye choncho. Lembani route iliyonse mu `app/Config/Routes.php`:

`$routes->get('alimi/onetsa/(:num)', 'Alimi::onetsa/$1');`

`$routes->post('alimi/sunga', 'Alimi::sunga');`

Sungani ma adiresi akale mmene analili, chifukwa makalaliki anawasunga mu browser ndipo a mobile money amatumiza mauthenga awo ku adiresi imene munawapatsa kale. `php spark routes` ikuonetsani onse amene mwalemba.

Mu controller, `extends CI_Controller` isanduke `extends BaseController`, pansi pa `namespace App\Controllers;`. `$this->load` kulibenso. Model mumaitenga ndi `model(AlimiModel::class)`, helper ndi `helper('form')`, zochokera pa fomu ndi `$this->request->getPost('dzina')` m'malo mwa `$this->input->post('dzina')`, ndipo view imabwezedwa: `return view('alimi/mndandanda', $data);`. Ngati munkaitana ma view atatu motsatizana, mutu, thupi ndi pansi, alumikizeni ndi kadontho mu `return` imodzi.

Chenjerani kwambiri ndi `redirect()`. Mu 3 inkaimitsa zonse nthawi yomweyo. Mu 4 imangopanga yankho loti inu mulibweze, choncho muyenera kulemba `return redirect()->to('/login');`. Mukasiya `return`, code ipitirira kutsika ngati palibe chachitika. Taganizirani zimenezi pa mzere woletsa munthu wosalowa kufufuta mlimi. Choipa kwambiri n'chakuti masisitimu akale ambiri amafufuza ngati munthu walowa mkati mwa `__construct()`, ndipo mmenemo `return redirect()` sigwira ntchito. Kufufuzako kusamukire mu Filter, code imene imayenda controller isanayambe: lembani `php spark make:filter Walowa`, ikani lamulo lanu mu `before()`, ilembetseni mu `app/Config/Filters.php`, muimangirire ku gulu la ma route. Mukatero tulukani mu sisitimu, muyese kutsegula adiresi iliyonse pamanja. Iliyonse ikubwezeni ku tsamba lolowera.

Ma view ndiwo savuta. Akopereni mu `app/Views`, CSS ndi zithunzi zipite mu `public`. Koma `xss_clean` kulibenso, ndiye chilichonse chochokera kwa munthu chizituluka kudzera mu `esc()`, mwachitsanzo `<?= esc($mlimi->dzina) ?>`. Yatsani filter ya `csrf`, yokana mafomu otumizidwa mwachinyengo kuchokera ku masamba ena, ndipo fomu iliyonse imene simunaitsegule ndi `form_open()` muiikire `csrf_field()`. Adiresi yolandirira mauthenga a mobile money muipatule pa `csrf`, apo ayi malipiro onse akanidwa pakhomo.

8. Mapasiwedi ndi ma session

Onani column ya mapasiwedi. Ngati akuyamba ndi `$2y$`, anasungidwa ndi `password_hash()` ndipo `password_verify()` iwalandira popanda vuto. Ngati ali a zilembo ndi manambala 32, ameneyo ndi MD5, yosayeneranso kusungira pasiwedi. Simukufunika kuuza aliyense kuti asinthe: munthu akalowa, fananizani ndi MD5 yakaleyo, ikagwirizana sungani pasiwedi yomweyo mwatsopano ndi `password_hash()`. Onani kaye kuti column ndi yotalika mokwanira, `VARCHAR(255)`. Kusintha kwa tebulo kumene ndikuvomereza pa ulendo uno ndi kokhaku. Kumbukirani kuti sisitimu yakale, ngati ikugwirabe, iyenera kuphunzitsidwa kuwerenga mitundu yonse iwiri. Library yovomerezeka yolowera mu 4 ndi CodeIgniter Shield, koma ili ndi matebulo akeake, ndiye idikire.

Ma session tsopano ndi `session()->set()` ndi `session()->get()`. Pali kanthu kena kosokoneza mutu: 3 ndi 4 zonse zimatcha cookie yawo `ci_session`, ndipo browser siisiyanitsa ma cookie potengera port. Mukatsegula yakale pa `localhost` ndi yatsopano pa `localhost:8080`, iliyonse izikutulutsani mu inzake. Sinthani `cookieName` mu `app/Config/Session.php`. Ngati ma session mumasunga mu database, yatsopanoyo ipatseni tebulo lake, chifukwa kapangidwe ka `ci_sessions` kanasintha.

9. Fananizani ziwerengero

Wosamutsa ng'ombe kupita ku khola latsopano amaziwerenga potuluka, n'kuziwerenganso polowa. Pa database imodzi yoyeserera, tulutsani malipoti ofanana mu masisitimu onse awiri: makilogalamu onse a nyengo yatha, ndalama zonse zolipidwa, ngongole zotsala kalabu ndi kalabu. Zifanane mpaka tambala. Zikasiyana ndi pang'ono, kawirikawiri vuto limakhala pa `round()` kapena pa malire a madeti.

Kenako itanani kalaliki, mum'patse mulu wa malisiti enieni a chaka chatha awalowetse mu sisitimu yoyeserera, inu mutakhala pambali osanena kanthu. Iye amadziwa za mlimi wa makalabu awiri, za lisiti lofufutidwa, za amayi amene amagulitsa m'dzina la malemu amuna awo. Zoterezi mu code simudzaziona.

10. Kukweza pa seva ndi tsiku losinthira

Lembani `composer install --no-dev`, mumange zonse mu zip imodzi, muikweze ndi File Manager n'kuimasula komweko. Kukweza mafayilo a `vendor` imodziimodzi pa netiweki yodukaduka kumasiya ena m'njira.

Pangani subdomain yoyeserera, document root yake iloze ku `public`. Anthu a pa intaneti ayenera kuona foda imeneyi yokha. Mukaponya pulojekiti yonse mu `public_html`, `.env` yokhala ndi pasiwedi ya database itha kutsala poyera. Ngati hosting sikulola kusintha document root ya domain yaikulu, ikani pulojekiti kunja kwa `public_html`, mukopere za mu `public` zokha mkatimo, ndipo mu `index.php` mukonze mzere wolozera ku `app/Config/Paths.php`. Foda ya `writable` ikhale yoti seva itha kulembamo. Windows sasamala za zilembo zazikulu ndi zazing'ono, koma Linux amasamala: fayilo ikhale `Alimi.php` ngati class ndi `Alimi`, ndipo `view('Alimi/fomu')` sidzapeza foda yotchedwa `alimi`. Pomaliza ikani `CI_ENVIRONMENT = production`. Cholakwika chikabwera muzichiwerenga mu `writable/logs`.

Popeza database ndi imodzi, masisitimu awiriwa atha kuyendera limodzi. Malipoti a mu sisitimu yatsopano akakonzeka, sinthani ulalo wa pa menyu yakale uloze ku atsopanowo. Makalaliki azilowa kawiri kwa kanthawi, auzeni chifukwa chake. Gawo likasamuka, litsekeni ku sisitimu yakale kuti pasakhale malo awiri olembera chinthu chimodzi.

Gawo la ndalama lisinthidwe Lachisanu madzulo ofesi itatseka, wapampando ndi msungichuma akudziwa. Tengani backup yomaliza, lozani domain ku sisitimu yatsopano, lowetsani kugula kumodzi koyeserera ndi malipiro amodzi a pa foni a ndalama yochepa, muone ngati zafika mu tebulo ndi nthawi yolondola, kenako muzifufute. Ma cron job, ntchito zimene seva imachita yokha pa nthawi yoikika monga kutumiza ma SMS, muwasinthenso, chifukwa amakhala akulozabe ku `index.php` yakale. Lolemba m'mawa mukhale mu ofesimo, ndipo buku la malisiti apamanja likhale pa tebulo.

Foda yakale muichotse pa intaneti koma musaifufute mpaka msika wotsatira utatha ndipo owerengera ndalama asainira mabuku. Kuchokera pamenepo, `composer outdated` ikuuzani mtundu watsopano ukatuluka. Werengani tsamba la Upgrading la mtunduwo musanalembe `composer update`, chifukwa nthawi zina mafayilo a mu `app/Config` ndi `public/index.php` amafuna kusinthidwa pamanja, monga zinachitikira pa 4.5.